Munsi Wovala Tayi

Amayi amene anandilangiza ndisanalowe m'banja, kwathu ku Zomba, ananena zambiri zimene ndinaiwala ndisanatuluke n'komwe m'nyumbamo, koma chimodzi chinakhazikika. "Apongozi aamuna ndi moto," anatero akundiloza pamphuno. "Moto umauwothera patali. Suwayang'ana m'maso, suwalankhula mwachindunji, suwakhudza, ndipo ukakumana nawo panjira umapatuka." Ine ndinavomera ndi mtima wonse, poti ndinkadziwa kuti apongozi angawo amakhala ku Nkhata Bay, pamene ine ndi amuna anga tikakhala ku Mzuzu. Kupewa munthu amene ali kuseri kwa mapiri si ntchito.

Amuna anga anali kalaliki mu ofesi ya boma yoona za misewu. Tinkakhala ku Chiputula, m'kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri, khonde kumaso, kakhola ka nkhuku kuseri. Mzuzu wa masiku amenewo anali katauni ka matope ofiira ndi nkhungu, ndipo mvula yake sinkadziwa kutsanzika. Ine ndinafika ndikudzitama kuti wa ku Zomba chisanu amachidziwa. Mwezi usanathe ndinali nditayamba kugona ndi juzi.

Apongozi angawo ndinali nditawaonapo kamodzi kokha, pa ukwati, ndipo kunena zoona ndinangoona nsapato zawo, chifukwa maso anga anali pansi monga anandilangizira. Koma nsapato zake zinali nsapato. Zinkawala moti ukanatha kudzikonzera duku ukuyang'anapo. Munthuyo anagwira ntchito zaka zambiri ku Halale, akuperekera zakudya mu hotela ya azungu, ndipo anabwerako ndi bokosi lachitsulo lodzaza malaya oyera ndi matayi. Anthu amawanena a ku Nkhata Bay kuti angalolere kugona ndi njala bola malaya asitidwe. Sindingawanenere onse, koma apongozi anga ankapita kukayendera chinangwa chawo kumunda atavala tayi.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, ali kumsana, asanamere ngakhale dzino, tinalandira uthenga woti agogo ake agwa pakhonde pawo. Atatsitsimuka, mbali yakumanja inali itafa: mkono uli lende, mwendo wongokoka. Akazi awo anali atamwalira kalekale, mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Zambia, choncho atatuluka m'chipatala panalibe kwina kopita. Moto uja unalowa m'nyumba mwanga ndi bokosi lake lachitsulo, n'kukhala m'chipinda chachiwiri.

Adokotala anatiuza mosapita m'mbali. Mkono mwina sudzabwerera, koma mwendo ulipo ndithu, bola uziyendetsedwa tsiku lililonse. Akaukhalira pansi uuma, ndipo ukauma wauma, sadzayendanso.

Poyamba zonse zinkayenda bwino chifukwa amuna anga analipo. Ankawasambitsa bambo awo m'mawa, kuwameta ndevu, kuwaveka, kuwamanga tayi, ndipo akaweruka ankawayendetsa pabwalo atawagwira m'chiuno. Ine yanga inali yophika, kuchapa, kusita ndi simbi ya makala, ndi kuthawa. Ndinkathawa mwaluso. M'kanyumba ka zipinda ziwiri ndinkatha tsiku lathunthu osakumana nawo. Kenako mvula inakokolola milatho ya ku Chitipa, amuna anga n'kuuzidwa kuti apite ndi gulu lokakonza. Masiku amenewo boma likati pita, sunkafunsa kuti ndibwerako liti.

Oyandikana nafe anali banja la ku Rumphi. Bambowo anali mesenjala mu ofesi ina m'tauni, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Mayiwo anali apampando a amayi a chipani m'dera lathu, ndipo akakuitana ali pakhonde pawo, ankayankha ndi a kutali ku Mchengautuwa omwe. A mesenjalawo anavomera kuti azibwera m'mamawa kudzawasambitsa, kuwameta ndi kuwaveka asanapite kuntchito, n'kudzabweranso madzulo kudzawakonzera zogona. Tsiku lonse lapakatipo linali langa ndekha, ine ndi moto wanga.

M'mawa woyamba ndinaika tiyi pathireyi, ndinagwada kuseri kwa chitseko, n'kukankhira thireyiyo m'chipinda ndi nsonga za zala. Ndinamva kapu ikugunda mbale, kenako zii.

"Mkazi wanga!"

Mutu unaima. Ndinatsala pang'ono kuthawira kukhola la nkhuku. Kenako ndinakumbukira kuti agogo aamuna amatchula choncho adzukulu awo aakazi mocheza, ndipo amene ankaitanidwayo anali kumsana kwanga, akuyamwa chala.

"Mkazi wanga, kawauze amayi ako kuti tiyi si msuzi. Madzi ayambe awira, masamba pambuyo. Ndipo kapu aziitenthetsa kaye."

Ndinatembenuzira mutu kumsana. "Iwe, kawauze agogo ako kuti tamva. Mawa tikonza."

"Yewo chomene, mkazi wanga," anathokoza m'chinenero chakwawo.

Umo ndi mmene mwana wopanda mano anapezera ntchito ya umesenjala. Nkhani zonse za m'nyumba zinkadutsa pamutu pake: zakuti nsomba ndizichotsa minga chifukwa dzanja lamanzere silinazolowere, zakuti mpando ndiusiye pafupi ndi chitseko kuti azitsamira popita kuchimbudzi, zakuti kolala ya malaya siisitidwa ngati thumba la ufa. Iye ankangogona tulo take. Akagona m'chipinda ine ndili kukhitchini, ndinkamva, "Mkazi wanga ali kuti lero?" Ndiye ndinkalankhula mokweza, nkhope ili kukhoma, "Iwenso umagona nthawi yolakwika, agogo ako akukufuna." Ndikatero iwo ankapereka uthenga wawo kwa munthu wogonayo, ine n'kumva.

Zonsezo zinali zoseketsa, ndipo ndinayamba kuzikonda. Chosaseketsa chinali chakuti chichokereni amuna anga, apongozi sanatulukepo panja. Vuto linali tayi. A mesenjala anayesa kuwamanga tsiku loyamba lomwelo, ndipo ndili kukhitchini ndinamva apongozi akuti, "Ada, mukumanga mbuzi kodi?" Anayesanso mawa lake, zinthu n'kuipiraipira. Bambo wofatsa uja anatuluka thukuta lili kamukamu m'chisanu cha Mzuzu, n'kundinong'oneza kuti, "Amama, kusambitsa ndikwanitsa, kumeta ndikwanitsa, koma chingwe icho yayi."

Ndinamutuma mwana kuti akawapemphe agogo ake ayende pabwalo pokha, ngakhale opanda tayi, poti palibe amene akuwaona.

"Mkazi wanga, kawauze amayi ako kuti ine chibadwire sindinatulukepo panja khosi lili pamtunda ngati nkhuku yososoledwa. Sindiyamba lero."

Ndinkayesa nthabwala, ndinkati njala ya dzuwa iwatulutsa. Koma masiku anapita ali chikhalire pabedi, wailesi ili pambali. Ubwino wa munthu amene maso ake amakhala pansi ndi wakuti mapazi amawadziwa. Ndikamakankha thireyi ndinkaona phazi lakumanja lija, ndipo ndinaona kuti layamba kupindikira mkati, zala zikukhwinyata. Tsiku lina ndinamva a mesenjala akulimbana ndi nsapato, ikukana kulowa. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinakwiya. Munthu wamkulu, woti anaona dziko, akulolera kutaya mwendo chifukwa cha kansalu kapakhosi! Amuna anga kunalibe njira yowafikira msanga, ndipo ndinkadziwa kuti akadzabwera n'kupeza bambo awo atauma mwendo, sadzandinena, koma ine sindidzagona tulo.

Mkwiyo wanga ndinkauthera mumtondo. M'mawa wina ndikusinja mtedza wotendera ndiwo, ndikumenya ngati mtedzawo ndiwo unalakwa, ndinaima kuti ndipume, munsi uli chiimire mumtondomo. Ndinauyang'ana. Unali wamtali ngati munthu wokhala pampando, ndipo pakati, pogwira paja, unali wowonda ngati khosi. Ndinakhuthula nsinjiro, ndinatsuka munsiwo ndi sopo, ndinaupukuta, n'kugubuduza mtondo mpaka pakhomo la chipinda chawo. Ndinaimika munsi mkati mwake, ndinatsegula chitseko, n'kugwada chammbali.

"Iwe, kawauze agogo ako kuti pakhomo pano pabwera bwana wina, koma alibe tayi. Atibwereke imodzi, atiphunzitsenso kamangidwe kake."

Ndinayamba kuganiza kuti ndachita chipongwe. Kenako ndinamva kaphokoso ngati munthu watsamwa. Anali kuseka. Chibwerereni m'nyumba mwanga ndinali ndisanawamvepo akuseka. Tayi yabuluu yamizere inauluka kuchokera m'chipinda n'kugwera pamaondo panga.

Sukulu inayamba pomwepo. "Mkazi wanga, mbali yaikuluyo italike. Idutse pamwamba pa inzake. Izungulire kumbuyo. No, no, no! Amayi akowa ali ndi manja kapena makasu? Again." Ndinamanga, ndinamasula, ndinamanganso. Mfundo ina inatuluka ngati mbatata, ina ngati ya a mesenjala ija. Moto kukhitchini unazima, nkhuku zinalowa n'kudya nsinjiro zanga, ine ndili pa bwana munsi. Dzuwa litafika pamutu ndinamva, "Stop. Asaikhudzenso. Very good. Bwana ameneyu akhoza kulowa mu hotela."

Zotsalazo tinazipeza mosavuta. Ndinkakhwefula mfundoyo pang'ono osaimasula, kuivula tayiyo kudzera kumutu kwa munsi, kuiika pathireyi ngati chakudya, n'kukankhira mkati. Iwo ankailowetsa m'mutu ndi dzanja lamanzere, kuluma kansonga kakang'ono ndi mano, n'kukankha mfundo mpaka pakhosi. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse munsi wanga unkayamba wavala tayi usanagwire ntchito ina iliyonse.

Tsopano panatsala kuyenda kwenikweniko. Ndodo yokha sinkakwanira, pankafunika munthu wowachirikiza, ndipo munthu amene analipo masana anali ine, woletsedwa kuwakhudza. Ndinatenga nsungwi imene inkachirikiza chingwe choyanikapo zovala. Ine ndinkakhala kutsogolo, nditaigwira ndi manja awiri m'chiuno, nkhope kutsogolo. Iwo ankakhala kumbuyo, ataipanira m'khwapa lamanzere. Pakati pathu pankatsala mpata woti mbuzi ikanadutsa. Mwana kumsana kwanga ankayang'anizana ndi agogo ake bwinobwino, choncho malamulo onse ankamufikira pamaso.

"Mkazi wanga, dalaivala achepetse speed. Steady. Pali dzenje kumanzere, kodi saona?"

Tinayamba ndi pabwalo, kenako mpaka pamtengo wa gwafa wa kumsewu, kenako mpaka pampopi pamene amayi a m'dera lathu ankatunga madzi. Apongozi ankatuluka atatchena: jekete, chipewa, nsapato zowala, kampango m'thumba lapachifuwa ndi khadi la chipani kumbuyo kwake, poti masiku amenewo ngakhale wodwala sankayenda wopanda khadi. Chiputula yense ankatuluka kudzationa. Anatipatsa dzina loti basi ya ku Nkhata Bay. Tikangotulukira, wina pampopi ankafuula, "Basi yanyamuka!" amayi n'kuseka chikhakhali. Ine poyamba manyazi ankandigwira mpaka m'mapazi, koma mwini wake kumbuyoko ankangogwedeza mutu uku ndi uku ngati bwanamkubwa.

"Mwatandala uli, adada?" anthu ankawapatsa moni wa masana.

"Tatandala makora, yewo chomene. Pepani sitiima, basi yadzaza."

Tsiku lina amayi apampando anatiimitsa pamsewu, manja ali m'chiuno. Amayi onse ankayenera kupita kukaphunzira magule okavina akamabwera akuluakulu a dziko, ndipo ine ndinali nditajomba kangapo. Imeneyo sinali nkhani yamasewera. Ndisanatsegule pakamwa, kumbuyo kunamveka mawu. "Mkazi wanga, kawauze amama awa kuti dalaivala wanga akapita kukavina, basi igona pamsewu. Ndiye abwere aikoke okha." Mayiwo anatiyang'ana, kuyambira ine, nsungwi, mpaka tayi, n'kuphulika kuseka. "Basi, iwe gule wako ndi ameneyu. Akandifunsa ndidziwa chonena." Sanandiitanenso.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Phazi lija linayamba kuwongoka, nsapato inayamba kulowa yokha, ndipo ndinkamva m'manja mwangamu kuti nsungwi ikupepuka. Apongozi anauza mdzukulu wawo kuti cholinga chawo ndi kukalowa m'tchalitchi ndi mapazi awo, osati kunyamulidwa ngati thumba la makala. Tchalitchi chathu chinali pamwamba pa kachitunda, kupitirira mpopi uja.

Tsiku limene zinachitika, mvula yowaza inali itagwa m'mawa wonse n'kukata chakumasana. Ndinamutuma mwana kuti lero tipume, kunja n'koterera. Yankho linali lakuti basi ya ku Nkhata Bay siiopa mvula. Tinanyamuka. Dothi lofiira la Mzuzu likanyowa limaterera ngati therere, ndipo pafupi ndi mpopi, pamene madzi ankatayikira, panali poipa kwambiri. Amayi anali ambiri tsiku limenelo, ndowa zili pamzere. Ndinangomva nsungwi ikupotoka m'manja mwanga, ndi mawu akuti, "Mayo!"

Ndinatembenuka. Anali akugwera kumanja, mbali yakufa ija, yopanda dzanja lotchinjiriza, ndipo kumeneko kunali ngalande ya miyala. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Nsungwi ndinaitaya, ndinalumpha, n'kuwagwira ndi manja onse awiri pachifuwa, mutu wawo n'kugunda paphewa langa. Chipewa chinagwera m'matope.

Aka kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi anga. Inali nkhope ya amuna anga itakalamba, ya nsidze zaimvi, ndi kachipsera pachibwano. Nawonso anandiyang'ana, maso ali tong'o. Pampopi panali zii, madzi okha akusefukira mundowa popanda woichotsa. Ndinagwira njakata. Kuwasiya, agwa. Kuwagwirabe, ndiye ndakumbatira apongozi pamsewu anthu akuona. Ndinaima choncho, mwana akulira kumsana, mpaka amayi apampando anaimitsa bambo wina wa panjinga kuti adzandilandire. Bamboyo ndi amene anawafikitsa kunyumba. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi nsungwi ndi chipewa chamatope.

Sanavulale paliponse. Koma atalowa m'chipinda anatseka chitseko, ndipo madzulo amenewo "mkazi wanga" sanaitanidwe. M'mawa mwake ndinamanga tayi pamunsi monga mwa masiku onse, ndinakankha thireyi, ndipo inabwerera tayi ili momwemo. Tsiku linalo chimodzimodzi. Tiyi ankamwa osadandaula, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kuposa zonse, chifukwa tiyi wanga anali asanakhalepo wopanda mlandu. Kunja nkhani inali m'kamwam'kamwa, yakuti wa ku Zomba uja wakumbatira apongozi ake masanasana. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni, pakamwa pa anthu sipatsekeka. Chinandiliza ndi mwendo. Tinali titaukoka kuchokera kutali, ndipo tsopano unali utabwerera pabedi chifukwa cha manja angawa. Ndinkasinja chimanga misozi ikugwera mumtondo.

Ndiye m'mawa wina a mesenjala atatha kuwameta sanatuluke msanga. Ndinamva mpando ukukokedwa kupita pakhonde. Kenako bambowo anapita kwawo n'kubwera ndi akazi awo, ndipo mayiwo anandipeza kukhitchini. "Tiye, akukuitana. Pukuta m'maso." Ndinapita n'kukagwada kumapeto kwa khonde, maso pansi. Nsapato zinali zowala ngati kale.

"Ada," anatero apongozi kwa a mesenjala, "ndigwirireni nkhuku iyo, yamawangamawangayo."

Imeneyo inali nkhuku yanga, thadzi limene ndinalera kuyambira lili kamwanapiye, loikira mazira kuposa onse m'khola. Silinafune kugwidwa. Bambo wofatsa uja, atavala kale yunifolomu yake ya khaki, analithamangitsa kuzungulira nyumba, kudutsa pansi pa chingwe cha zovala, mpaka m'munda wa nyemba wa eni ake, akazi awo akuwalangiza mofuula ali pakhonde. Atalibweretsa, apongozi analikhazika pamiyendo n'kulipanikiza ndi dzanja lamanzere.

"Kwathu," anayamba, akulankhula kwa anthu awiriwo, "mkazi wa mwana wako salankhula nawe mpaka utamupatsa kanthu komutsegula pakamwa, pamaso pa mboni. Ukatero wakhala mwana wako. Ine ndinachedwa. Ndinkati ndidzachite bwinobwino kwathu, ndi mbuzi, abale onse alipo. Masiku awa ndakhala m'chipindamo ndikuganiza za mbuzi imene ndilibe. Anthu akumunena mwanayu pampopi, koma manyaziwo ndi anga, si ake. Wandidyetsa, wandichapira, wandikoka ndi nsungwi ngati ngolo, wandiwakha mutu usanafike pamwala, ine ndikumulankhulabe kudzera kwa munthu wopanda mano."

Anakhosomola pang'ono. Kenako ndinamva mawu aja akubwera kwa ine, osadzera kumsana.

"Mama. Dzukani, landirani nkhuku."

Ndinayenda chogwada mpaka pamene anakhala, n'kulandira nkhuku yanga ndi manja awiri. "Zikomo" wanga anatuluka ngati wa mwana.

"Yayi, adada," anatero amayi apampando, "nkhukuyo si yake yomwe?"

"Enya," anavomera apongozi, "ndiye aidziwa bwino kasamalidwe kake. Ya kwathu ibwera pa basi."

Mayiwo anaimba nthungululu imene inatulutsa anthu m'nyumba mpaka kumsewu, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani ya pampopi ija inali itasintha mutu. Nkhuku ya kwawoyo ndikuidikirabe mpaka lero.

"Tsopano tayi," anatero apongozi. "Mama, mfundo yanu ija imakhotera kumanzere. Masiku onsewa. Mkazi wangayu ndakhala ndikumuuza, koma uthenga safikitsa. Mlandu si wanu, bwana munsi alibe kholingo. Bwerani mumange pakhosi penipeni."

Ndinapereka nkhuku kwa a mesenjala, ndinasamba m'manja, n'kutenga tayi yabuluu ija. Ndinaima patsogolo pawo, n'kudzutsa kolala. Ankanunkhira sopo wometera. Iwo anakweza chibwano n'kumayang'ana malata a khonde, kundipepuza kuti ndisachite manyazi. Ndinadutsitsa, ndinazunguliza, ndinalowetsa, ndinakoka. Anaipapasa ndi zala.

"Very good. Katengeni chipewa, basi yachedwa."

Nsungwi inabwerera kuchingwe cha zovala tsiku lomwelo. Tinkayenda nditawagwira mkono, ndipo pamalo oterera ndinkawagwira m'chiuno popanda wonena kanthu. Amuna anga atabwera kuchokera ku Chitipa, akuda ndi dzuwa, anapeza mkazi wawo ndi bambo awo ali pakhonde limodzi, akukangana za kuchuluka kwa shuga mu tiyi. Anaima pabwalo chikwama chili m'manja, pakamwa yasa, mpaka bambo awo anawafunsa ngati ku Chitipa anthu sapereka moni. Lamlungu lina pambuyo pake apongozi anakwera kachitunda kaja ndi ndodo yokha, ine ndili pambali, n'kulowa m'tchalitchi ndi mapazi awo. Anakhala kutsogolo kuti tayi ioneke.

Anakhala nafe zaka zambiri. Mkono sunabwerere, mwendo unkatsimphina, koma Chiputula yense anamuyenda, mpaka kumsika ndi ku Msongwe kwa anzawo a kumpingo. Mdzukulu wawo anamera mano, anayamba kuyankha yekha, ndipo anachotsedwa ntchito ya umesenjala chifukwa chowonjezera zake mu uthenga. Tayi ndinkawamanga ine m'mawa uliwonse, ngakhale amuna anga alipo, poti mwini wake ankati mwana wake wobala amamanga ngati kalaliki.

Anamwalira m'nyengo yozizira, masana, ali pampando wawo pakhonde, tiyi atamwa theka. Anthu anasonkhana. Amuna anga anapita m'tauni kukafunafuna lole yoti itinyamule kupita ku Nkhata Bay, ndipo abambo a kumpingo analowa m'chipinda kukasambitsa ndi kuveka thupi. Kumeneko mkazi salowa, kaya anapatsidwa nkhuku kaya sanapatsidwe. Ine ndinali pamphasa pabalaza ndi amayi anzanga, tikuimba nyimbo. Patapita nthawi chitseko chinatsegulidwa pang'ono, ndipo a mesenjala, imvi zili mbuu tsopano, anasuzumira akundikodola. M'manja anali ndi tayi yabuluu yamizere.

"Amama," ananong'ona, misozi ili m'maso, "tayesa tonse. Ine ndikuopa angandifunsenso ngati ndikumanga mbuzi."

Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinatsuka munsi ndi sopo, ndinaupukuta, n'kuuimika mumtondo. Amayi ena achilendo amene ankaphika kumeneko anayamba kunong'onezana, poganiza kuti chisoni chandizunguza mutu, koma amayi apampando anawayang'ana kamodzi kokha, onse n'kukhala chete. Ndinadutsitsa, ndinazunguliza, ndinalowetsa, ndinakoka, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kenako ndinaikhwefula pang'ono, ndinaivula kudzera kumutu, ndinaiika pathireyi, n'kukagwada pachitseko chija.

Ndisanakankhe thireyiyo ndinawauza a mesenjala kuti akawaveka aikankhire mfundoyo kumanja pang'ono, chifukwa ya pamunsi imakhotera kumanzere.